Chiponde chinayesedwa ku Gulupu

Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litadula ndalama za USAID, mabungwe a zaumoyo anayamba kuda nkhawa kuti chiponde chochiritsira ana onyentchera chisowa m'zipatala. Ambiri amachiona ngati mphatso yochokera kunja basi, osadziwa kuti umboni woti chimagwira ntchito unapezeka kuno.

Anachipanga ku France mu 1996 ndi dokotala André Briend pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset. Nkhani yoti Briend anatengera nzeru pa botolo la Nutella imakambidwa kwambiri, koma kwa ine zazikulu zinachitikira ku Blantyre.

Kale mwana wonyentchera kapena wotupikana ankagonekedwa m'chipatala n'kumamwa mkaka wa F-100. Mkakawu umasungunulidwa ndi madzi ndipo suchedwa kuwonongeka, choncho sukanaperekedwa kumudzi. Mayi ankakhala m'wodi masabata angapo, kumunda kukumera tchire, ana enawo atasiyidwa kwa agogo. Ena ankangobereka mwana n'kuthawa asanachire, ndipo sindingawadzudzule.

Mu 2001, Mark Manary, dokotala wa ku St. Louis ku America, anayesa njira ina pa chipatala cha Queen Elizabeth (Gulupu). Ana 282 anatumizidwa kwawo, ena ndi chiponde chokwanira, ena ndi chiponde chongowonjezera, ena ndi ufa wa chimanga ndi soya. Chiponde chija ndi mtedza wopera, ufa wa mkaka, shuga, mafuta ndi mavitamini, mulibe madzi, ndiye tizilombo sitiswanamo. Mwa ana 100 alionse odya chiponde chokwanira, 95 anafika pa sikelo yofunika; magulu enawo anali 78.

Kafukufuku wotsatira, wa ana 1,178 m'chigawo cha kummwera, anapeza kuti 79 mwa 100 anachira kunyumba, pomwe a njira yakale anali 46. Ofufuza ena amakumbutsa kuti anawa sanagawidwe mwa maere, ndipo akunena zoona. Komabe kusiyanako kunali kwakukulu, moti mu 2007 WHO, UNICEF ndi WFP anavomereza kuti ana otere, ngati alibe matenda ena oopsa, azichirira kumudzi.

Mkangano unatsalira pa umwini. Nutriset inali ndi chiphaso choletsa ena kupanga chakudyachi popanda chilolezo, mpaka mabungwe awiri a ku America anaisumira mu 2009. Nthawi imeneyo Project Peanut Butter, imene Manary anayambitsa, inali itayamba kale kupera mtedza wa alimi a kuno ku Blantyre.