Mwana akasiya kumva atadwala: za chipangizo cha cochlear implant

Mwana wachira malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, banja lapumira m'mwamba. Kenako mayi amuitana ali kumbuyo, iye osacheuka. Mbale igwa pansi, iye ali phee kuseweretsa mchenga. Musamukalipire kuti wayamba mwano. Matenda amenewa amatha kuwononga khutu la mkati.

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, komwe kamatumiza mawu ku ubongo. Kakawonongeka kwambiri, makina ovala kukhutu okuza mawu sathandizanso. Apa m'pamene madokotala amaganizira za cochlear implant. Pa opaleshoni amaika mbali ina pansi pa khungu kuseri kwa khutu, n'kulowetsa kawaya kopyapyala m'kachigoba kaja. Mbali ya kunja imamatirira kumutu ndi maginito, imatola mawu ndipo imayendera batire. Amayatsa chipangizochi pakapita milungu ingapo bala litapola.

Chomwe tikukudandaulirani ndi nthawi. Pambuyo pa matenda oumitsa khosi, kachigoba kaja kamatha kuuma n'kusanduka fupa m'miyezi yochepa, kawaya osalowanso. Nayenso mwana wobadwa wosamva amapindula kwambiri akathandizidwa asanafike zaka 2 kapena 3, ubongo ukadali wofewa kuphunzira kulankhula. Tsono kudikira kuti mukolole kaye thonje n'kumutayitsa mwayi.

Yambirani kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono. Chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje chingakulembereni kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli akatswiri opima makutu. Si aliyense wosamva amafunika chipangizochi. Ena vuto ndi phula kapena mafinya chabe, ndipo amachira ndi chithandizo wamba. Musathire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu.

Tinene zoona: chipangizochi n'chodula kwambiri, ndipo sichibweza kumva ngati kale. Poyamba mawu amamveka achilendo, mwana amafunika miyezi yambiri yophunzitsidwa kumvetsera, a pakhomo akumulankhula tsiku ndi tsiku. Chinenero chamanja musachisiye, n'chake ndithu.

Kuno kuchigwa cha Shire thukuta ndi fumbi sizisowa, choncho pukutani mbali ya kunja madzulo alionse, ndipo muzimuvula akamasamba. Madzi akasefukira, isungeni m'kabotolo kotseka bwino pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.