Chitsulo chopepuka chimene chinkaopa moto

Poto wa aluminiyamu sachita dzimbiri ngati khasu. Akangokhudzana ndi mpweya, pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala kolimba, ndipo okosijeni sapitirira pamenepo. Ndiye munthu angaganize kuti chitsulo chosakaniza titaniyamu ndi aluminiyamu, chimene akatswiri amachilemba kuti TiAl, chingadziteteze chimodzimodzi. Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene panagona ntchito ya zaka zambiri.

Kafukufuku wake anayamba ku America m'ma 1950. Chimene chinakopa anthu n'kupepuka: chimalemera pafupifupi theka la zitsulo za nikelo zimene amapangira timapiko ta mkati mwa injini za ndege. Koma chikazizira chinkasweka ngati mbale yadothi. Vuto limeneli linachepa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene Shyh-Chin Huang wa ku kampani ya General Electric anathiramo zitsulo za kromiyamu ndi niyobiyamu pang'ono, n'kupeza msakanizo wodziwika ndi nambala yoti 48-2-2.

Linatsala vuto la moto. Kutentha kukafika cha m'madigiri 800, titaniyamu ndi aluminiyamu amalimbirana okosijeni. M'malo mwa khungu limodzi lolimba, pamatuluka nkhanambo yosakanikirana, yokula msanga, imene imang'ambika n'kuyoyoka injini ikamatentha ndi kuzizira. Nayitrojeni wa mumpweya amawonjezera kuipa kwake. Okosijeni wina amalowerera mkati, chitsulo n'kuyamba kufumbutuka.

Mankhwala oyamba anali kuchulukitsa niyobiyamu. Chen Guoliang ku Beijing ndi gulu la Fritz Appel ku Geesthacht, ku Germany, anatsata njira imeneyi, ndipo Helmut Clemens ku Leoben, ku Austria, anatsogolera kupanga msakanizo wa TNM umene unadzalowa mu injini za ndege za Airbus A320neo.

Koma mbali imene ine imandisangalatsa inachokera ku Japan m'ma 1990. Ofufuza anaona kuti TiAl wopangidwa ndi ufa wa titaniyamu wokhala ndi zotsalira za klorini ankapirira moto kuposa woyeretsedwa bwino. Klorini, yemwe uja wa mumchere, mdani wa chitsulo chilichonse! Michael Schütze ndi anzake ku bungwe la kafukufuku la DECHEMA, mumzinda wa Frankfurt ku Germany, anafotokoza chifukwa chake: klorini kapena m'bale wake fulorini wochepa kwambiri amanyamula aluminiyamu ngati nthunzi kupita naye pamwamba, kumene amasanduka khungu lolimba lija. Ukachulukitsa, amanyamulanso titaniyamu, zonse n'kuwonongeka. Fulorini ndiye anapezeka wopirira kwambiri kutentha ndi kuzizira kosinthanasinthana.

Mafakitale sanadikire kuti zonsezi zithe. Mitsubishi inaika TiAl mu turbo (chipangizo chokankhira mpweya mu injini) ya galimoto ya Lancer Evolution mu 1999, ndipo mu 2011 injini ya GEnx, ya ndege za Boeing 747-8 ndi 787, inayamba kugwira ntchito ili ndi timapiko ta 48-2-2. Anatiika kumbuyo kwenikweni kwa injini, kumene mpweya umafika utayamba kale kuzizira.