Pasiwedi pa foni si umboni wa chibwenzi

Kuno ku Mangochi mawu awa afala, akuti mkazi kapena mwamuna akangoika pasiwedi pa foni basi ali ndi wina. Abale si zoona, ndipo zimandiwawa kuona mabanja akugwedezeka pa nkhani imeneyi.

Taganizani mayi wogulitsa usipa ku Makawa, mufoni mwake muli Airtel Money kapena Mpamba, ndalama za banki mkhonde, manambala a makasitomala aku Lilongwe, ndiye foniyo ikagwa mu minibasi kapena ana akaitenga kukaseweretsa mukufuna ikhale yosakhoma? Mulinso zinsinsi za anthu ena, mchemwali wake anamuuza za matenda ake pa WhatsApp, anauza iyeyo osati inu alamu.

Ena mumadikira mnzanu apite kubafa nkulumikiza WhatsApp yake ku foni yanu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu data ya munthu popanda chilolezo. Komanso mupezamo chani? Kameseji koti "ndafika" kopanda mutu, mwina ndi dalaivala wabweretsa katundu, inu usiku onse osagona. Pomwe woyendadi njira amafufuta zonse kapena ali ndi simu ina yomwe simuidziwa.

Mtima ukakana mufunseni maso ndi maso, zikavuta itanani ankhoswe, ashehe kapena abusa. Ngati nkhawa ndi matenda, makamaka bambo akabwera ku Joni, pitani limodzi kuchipatala mukayezetse magazi.