Masabata 8 a uchembere: mmene lamulo linafikira amayi apantchito mu Lilongwe

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, maofesi a ku Capital Hill anadzaza ndi abambo. Muzu wake ndi wakale. Kuyambira nthawi ya atsamunda, ntchito yolembedwa m'kaundula inali ya mwamuna: ndiye ankapita ku Joni pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndiye ankapangana za utenanti ndi mwini esiteti ya fodya. Mkazi ankathyola naye fodyayo, kusoka, kupachika m'zigafa ndi kusankha magiredi, koma tsiku lowerengera ndalama dzina lopezeka m'buku linali la bambo okha.

Atsikana ochepa amene ankafika patali ndi sukulu ankathera ku uphunzitsi, unamwino kapena kutayipa makalata a bwana. Wotenga mimba ali pasukulu ankachotsedwa, ndipo mwayi wobwerera m'kalasi unadza mu 1993. Chaka chomwecho ndi pamene linathetsedwa lamulo la kavalidwe la 1973 lomwe linkaletsa akazi kuvala thalauza. Tangoganizani mtsikana wofuna umakaniki akulowa kunsi kwa lole atamanga chitenje. Lamulo linachoka koma maganizo anatsalira, moti mu Januwale 2012 mavenda ena mu Lilongwe anavula amayi ovala mathalauza dzuwa likuswa mtengo.

Lamulo la ntchito la mu 2000 linabweretsa zinthu ziwiri zogwirika. Choyamba, malipiro ofanana pa ntchito yolingana. Chachiwiri, tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera 8, mayi akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu. Mawu akuti kamodzi pa zaka zitatu ndi amene amapweteka ambiri: mwana wachiwiri akabadwa zakazo zisanakwane, lamulo silikakamiza bwana kulipiranso tchuthicho, ndiye mayi amadya masiku ake a tchuthi cha pachaka kapena amakhala pakhomo osalandira kanthu. Mu 2013 kunadza lamulo la Gender Equality Act, lomwe limati polemba ntchito m'boma mbali imodzi, kaya ya abambo kaya ya amayi, isapitirire 60 pa 100 ndipo ina isachepere 40. Limatinso wochitira mnzake nkhanza zokhudza kugonana akhoza kulipira K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Mu 2021 abambo nawo anapatsidwa masabata awiri mwana akabadwa, utenanti n'kuthetsedwa.

Vuto lagona pa pepala. Mayi wochoka ku Mtandire kapena ku Kauma mbandakucha kukachapa ndi kulera ana ku Area 47 kapena Area 10 nthawi zambiri analembedwa ntchito pakamwa. Mimba ikayamba kuoneka, abwana amangoti, "Kapumeni kaye, tikuitanani." Foni silira. Ku mafakitale a ku Kanengo ntchito zambiri zimayendera nyengo ya fodya, ndipo kontirakiti ya miyezi ingapo ikatha palibe amene amanena kuti wachotsedwa, amangoti yatha.

Kuchotsa munthu chifukwa cha mimba ndi mlandu, ndipo njira yodandaula ilipo. Wochotsedwa mopanda chilungamo amayamba ku ofesi ya zantchito ya boma pasanathe miyezi itatu. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti zimvane, zikakanika nkhani imapita ku bwalo la milandu ya zantchito la Industrial Relations Court. Ambiri amagwera pa miyezi itatuyo, chifukwa imathera podikira foni ija kapena ali chikuta. Ena amafika m'nthawi yake koma alibe chowaikira umboni. Kalata yolembera ntchito ikasowa, zothandiza ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza malipiro a mwezi ndi mwezi, buku la kusikelo losonyeza nthawi ya mimba, ndi mlonda wa pageti kapena wa m'gadeni amene angavomere kukaima ngati mboni, ngakhale naye amaopa kuti mawa ntchito imuthera.