Chimene chinali kuseri kwa mfuti ya George

M'chaka cha 1937 John Steinbeck anatulutsa kabuku kotchedwa Of Mice and Men, ndipo mpaka lero owerenga amakanganabe za mathero ake. George Milton apeza mnzake Lennie Small atabisala m'tchire la m'mbali mwa mtsinje wa Salinas, kufupi ndi Soledad ku California. Amuuza ayang'ane kutsidya, amukumbutsa za kamunda kamene ankalota kugula ndi akalulu amene Lennie adzawete, kenako amuwombera kunkhongo. Lennie anali chimphona koma nzeru zake zinali za mwana, ndipo tsiku lomwelo anali atathyola khosi la mkazi wa Curley mosafuna. Curley anali mwana wa mwini famu imene George ndi Lennie ankagwirapo ganyu. Ena amati George anachita chifundo. Ena amati anapha munthu amene ankamukhulupirira kuposa wina aliyense.

Steinbeck sanaipeke nkhaniyi ali patali. Anabadwira ku Salinas mu 1902, ndipo ali mnyamata ankagwira ntchito m'minda ya kampani ya shuga ya Spreckels limodzi ndi aganyu oyendayenda, aja osenza kamtolo ka zofunda kuchoka pa famu ina kupita pa ina. Buku litatuluka anauza nyuzipepala ya New York Times kuti Lennie anali munthu weniweni amene anagwira naye ntchito. Ameneyo sanaphe mkazi ayi, anabaya kapitawo ndi chifoloko cha udzu chifukwa chochotsa ntchito mnzake, ndipo anakamutsekera kuchipatala cha amisala.

Tsono George anali ndi njira zanji? Yoyamba inali kusiya Lennie m'manja mwa gulu la Curley, amene anali atalumbira kuti amuwombera pamimba. Owerenga a nthawi imeneyo sankaona izi ngati zopeka. Mu Novembala 1933, ku San Jose, mzinda wosatalikira ku Salinas, khamu la anthu linathyola ndende n'kutulutsa Thomas Thurmond ndi John Holmes, amene ankaganiziridwa kuti anaba ndi kupha Brooke Hart, mwana wa mwini sitolo yaikulu. Anawapachika pamitengo ya m'paki ya St. James. Bwanamkubwa wa California, James Rolph, anayamikira khamulo poyera n'kulonjeza kukhululukira aliyense amene angapezeke wolakwa. Palibe amene analangidwa. Ngati mwana wa munthu wodziwika ankabwezeredwa chonchi boma likuwomba m'manja, waganyu wopanda kwawo akanathawira kwa yani?

Njira yachiwiri inali khoti ndi chipatala. Slim, wantchito wolemekezeka pa famupo, amachenjeza George kuti kumanga Lennie ndi malamba n'kumutsekera ngati nyama sikungakhale kwabwino. Nayenso ankanena za zinthu zenizeni. California inali ndi lamulo la mu 1909 lololeza kutseketsa kubereka anthu a m'zipatala za boma amene ankaonedwa ngati operewera nzeru, ndipo pofika 1979 anthu pafupifupi 20,000 anali atachitidwa zimenezi. Khoti lalikulu la America linavomereza malamulo otere mu 1927, pa mlandu wa Buck v. Bell.

Zonsezi zimandimvetsa chisoni ndi George, koma sizimuyeretsa. Tikamanena za kupha mwachifundo nthawi zambiri timaganiza za wodwala amene wavutika mpaka kupempha yekha kuti apumule. Lennie sankadwala ndipo sanapemphe. Anali kudikira mnzake pamalo amene anagwirizana, akuopa kukalipiridwa basi. George ankadziwa bwino zimene zinachitika ku Weed, tauni imene awiriwa anathawako Lennie atagwira diresi ya mtsikana n'kukana kuisiya. Anaonanso Curley ndi mkazi wake tsiku loyamba n'kuzindikira kuti pali ngozi, komabe anakhala, chifukwa ankafuna malipiro a madola 50 pamwezi kuti akwanitse madola 600 ogulira munda. Ndipo atawombera sananene zoona, analola anthu akhulupirire kuti mfutiyo anachita kulanda kwa Lennie.

Pali chinanso chimene chimandiwawa. Poyambirira m'bukumo Carlson, wantchito wina wa pa famupo, amawombera galu wokalamba wa Candy, nkhalamba yosesa pa famupo, kunkhongo komweko, ndi mfuti yomweyo. Pambuyo pake Candy amadandaula kuti akanamupha yekha m'malo mosiyira mlendo. Aphunzitsi ambiri amati apa ndi pamene George anatenga phunziro lake. N'zoona, koma phunzirolo likuika munthu pa muyeso umodzi ndi galu amene watha ntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti Steinbeck anafuna kuti zimenezi zitinyanse.

Patapita zaka zambiri dzina la Lennie linalowa m'khoti lenileni. Mu 2002 khoti lalikulu la America linaletsa chilango cha imfa kwa anthu olumala nzeru, koma linasiyira chigawo chilichonse kusankha njira yodziwira wolumalayo. Mu 2004, pa mlandu wa Briseño, khoti la apilo la ku Texas linatchula Lennie monga chitsanzo cha munthu amene anthu ambiri a ku Texas angavomereze kuti asaphedwe, n'kukhazikitsa miyeso yakeyake yosachokera kwa madokotala. Choncho wina amene kulumala kwake sikunkaonekera ngati kwa Lennie ankatha kuphedwa. Mu 2012, pa nthawi imene Texas inkapha Marvin Wilson, amene poyezedwa nzeru anapeza 61, mlingo wotsika kwambiri, Thomas Steinbeck, mwana wa wolembayo, anadzudzula poyera kugwiritsa ntchito buku la bambo ake mwa njira imeneyi. Miyeso ya Briseño inathetsedwa mu 2017, pa mlandu wa Moore v. Texas.