Tinjira tiwiri ta m'mbali mwa bwalo: mbiri ya tenisi ya amayi ya awiriawiri

Aliyense amene anaimapo pafupi ndi mabwalo a tenisi a ku Blantyre Youth Centre kapena ku Blantyre Sports Club anaona kuti mbali zonse ziwiri za bwalo kuli mizere iwiri yoyera yoyenda mogundizana, yosiya kanjira kopapatiza pakati pake. Ana ongoyamba kumene kugwira laketi amasokonezeka nako kanjira kameneka, chifukwa mpira ukagwera mmenemo lero amauzidwa kuti watuluka, mawa n'kuuzidwa kuti uli m'kati. Nkhani yagona pa chiwerengero cha osewera. Bwalo ndi lotalika mamita 23.77, ndipo akamasewera mmodzimmodzi m'lifupi mwake ndi mamita 8.23, koma akakhala awiri mbali iliyonse limakula n'kufika mamita 10.97. Tinjira timeneti, ta mamita 1.37 kalikonse, ndi ta masewero a awiriawiri, amene ambiri amawaona ngati ongotsagana nawo pa mpikisano, chonsecho ndi khomo limene amayi ambiri okankhidwira kunja analowera.

Mpikisano wa Wimbledon, wa ku London, unayamba mu 1877 uli wa abambo okhaokha. Amayi analoledwa kusewera mmodzimmodzi mu 1884, chaka chomwecho chimene abambo anayamba kulimbirana chikho cha awiriawiri, koma chikho cha amayi cha awiriawiri chinabwera mu 1913, patadutsa zaka 29. Ku America anali atayamba kale mu 1889. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, Suzanne Lenglen wa ku France ndi Elizabeth Ryan wa ku America anatenga chikhochi kasanu ndi kamodzi pakati pa 1919 ndi 1925. Ryan sanapambanepo Wimbledon akusewera yekha, koma anasonkhanitsa zikho 19 kumeneko, zonse za awiriawiri, ndipo palibe anamuposa mpaka 1979. Anamwalira chaka chimenecho atakomoka pa malo a mpikisano omwewo, kutangotsala tsiku limodzi kuti Billie Jean King, mothandizana ndi Martina Navratilova, atenge chikho chake cha 20.

Chaka chimene ife a kuno tiyenera kuchiyang'anitsitsa ndi 1956. Althea Gibson, mayi wachikuda wa ku America, analoledwa kulowa mpikisano waukulu wa dziko lake mu 1950 atakhala akutsekeredwa kunja chifukwa cha khungu lake, ndipo ngakhale atalowa, anzake ambiri ankamusala. Ku Britain kunali Angela Buxton, Myuda, amenenso makalabu ena ankamukana umembala chifukwa cha mtundu wake. Pa masewero a awiriawiri munthu sungalembetse wekha, choncho kusalidwa kumaonekera poyera kuposa kwina kulikonse: ukasowa wokuvomera, ndiye kuti sunasewere. Awiriwa anagwirizana, ndipo mu 1956 anapambana ku Paris kenako ku Wimbledon, kumene Gibson anakhala munthu wachikuda woyamba kutenga chikho. Patapita zaka pafupifupi 40, Gibson akudwala ndiponso ali m'mavuto a zachuma, anali Buxton yemweyo amene anayambitsa ntchito yomusonkhera thandizo. Akuluakulu a mu Blantyre muno amene amakumbukira nthawi ya atsamunda, pamene makalabu a masewero anali a azungu ndipo munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi, safunikira kuwafotokozera zambiri za kulemera kwa chikho chimenecho.

Mkangano wa ndalama unabuka mu 1968, pamene mipikisano ikuluikulu inayamba kulola osewera olipidwa. Pa Wimbledon ya chaka chimenecho Rod Laver, wopambana mwa abambo, analandira mapaundi 2,000 pomwe King, wopambana mwa amayi, analandira 750. Mu 1970 amayi asanu ndi anayi anagalukira akuluakulu a masewerowa nasaina mgwirizano wa dola imodzi kuti ayambitse mipikisano yawoyawo ku Houston, ndipo mu 1973 bungwe la amayi osewera tenisi, la WTA, linakhazikitsidwa ku London. Mmodzi mwa asanu ndi anayiwo anali Rosie Casals, amene anatenga chikho cha awiriawiri cha Wimbledon kasanu pamodzi ndi King, kotero kuti kukhulupirirana kumene kunamangidwa pa ukonde kunagwiranso ntchito pa nkhondo ya malipiro. US Open inayamba kulipira amayi ndi abambo mofanana mu 1973, pamene Wimbledon inachedwa mpaka 2007.

Komabe kusiyana kwina kunatsala osakhudzidwa. Mphotho ya awiriawiri ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mmodzimmodzi, ndipo yochepayo amagawana anthu awiri. Kale akatswiri ankasewera zonse ziwiri popanda kudandaula: Navratilova ndi Pam Shriver anapambana masewero 109 motsatizana kuchokera mu 1983 mpaka 1985, ndipo Venus ndi Serena Williams anafika limodzi mu ndime yomaliza ya mipikisano inayi ikuluikulu (Australian Open, French Open, Wimbledon ndi US Open) ka 14 osagonjapo ngakhale kamodzi. Lero ambiri mwa otchuka amasunga mphamvu zawo, ndipo pa mipikisano ya WTA masewero a awiriawiri anafupikitsidwa, moti magulu akagawana maseti (zigawo za masewero) awiri oyamba, m'malo mwa seti yachitatu amangothamangira mapointi 10. Okonza mipikisano amati izi zimathandiza kusunga nthawi, koma n'kovuta kukana kuti chimene chimafupikitsidwa ndi chimene eni ake amachiona chopepuka.

Chonsecho ndi m'tinjira timeneti mmene dera lathu lino linatchukira. Cara Black anabadwira ku Harare mu 1979 ndipo anaphunzira tenisi pa mabwalo a kapinga amene bambo ake, Don Black, anakonza pa munda wawo wa mapeyala. Anali wamfupi poyerekeza ndi anzake ambiri, koma pa ukonde manja ake anali achangu zedi, ndipo pa awiriawiri chofunika ndi chimenecho, pamodzi ndi kudziwa nthawi yodumphira mpira wa mnzako ndi nthawi yomusiyira. Anapambana Wimbledon mu 2004 ndi Rennae Stubbs wa ku Australia, kenako mu 2005 ndi 2007 ndi Liezel Huber wobadwira ku Durban, amene anatenganso naye Australian Open mu 2007 ndi US Open mu 2008. Anakhala pa nambala 1 pa dziko lonse kwa masabata 163.

Mu Blantyre, mmene mtsikana wokonda masewero amathamangira ku ntchemberembaye chifukwa mpira umodzi umakwanira anthu 14 pomwe laketi ndi yodula ndipo mabwalo a tenisi ndi owerengeka, bwalo limodzi likalandira atsikana anayi m'malo mwa awiri ndiye kuti pamzere wodikira pachepa anthu. Mu 2022, Angella Okutoyi, mtsikana wa ku Nairobi woleredwa ndi agogo ake, anakhala Mkenya woyamba kutenga chikho pa umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu. Chinali chikho cha atsikana cha awiriawiri ku Wimbledon, ndipo mnzake anali Rose Marie Nijkamp wa ku Netherlands.