Zipsera za m'chiwindi zimatha kuchepa

Ambiri kuno ku Lilongwe amati chiwindi chikachita zipsera ndiye kuti basi, sichingachirenso. Si zoona nthawi zonse.

Zipserazi zimapangidwa ndi maselo a stellate, omwe m'chiwindi chabwino amangosunga vitamini A. Kachasu kapena matenda a chiwindi a hepatitis B zikamavulaza chiwindi, tizizindikiro tating'ono totchedwa methyl timamatirira pa DNA n'kutseka jini (kachigawo ka DNA kopereka malangizo) ya PPAR-gamma, yomwe imathandiza kuti maselowa akhale ogona, ndipo maselowa amadzuka n'kuyamba kutulutsa collagen wochuluka, ulusi wolimba womwe umapanga zipsera. Jiniyo siwonongeka, imangotsekedwa. Chovulazacho chikachotsedwa, maselo ena amafa, ena amagonanso. Odwala hepatitis B ambiri akamwa mankhwala otchedwa tenofovir kwa zaka 5, zipsera zimachepa.

Vuto ndi lakuti maselo ogonawo saiwala: mukayambiranso mowa, amadzuka msanga kuposa poyamba. Mimba ikafika podzaza madzi, kuchira kumavuta, choncho kayezetseni hepatitis B musanafike pamenepo.